Mchere wa Pakhona la Gwadani

Ufumu wa Ndizomwezo uli ndi msewu umodzi wokha wa phula, ndipo eni dziko amaunyadira ngati mwana wobadwa paukalamba. Umayambira pachipata cha nyumba yachifumu, mumzinda wa Ombanim'manja, n'kukathera pamsika waukulu wa Pirirani. Pakati pa ulendo umadula nkhalango ya Msatero, ndipo pamenepo pali khona lotchedwa Gwadani. Mbawala za m'nkhalangoyo zakhala zikudutsa pamalo amenewo popita kukamwa madzi kumtsinje kuyambira kalekale, msewu usanalotedwe n'komwe. Pomanga msewu palibe amene anazifunsa, nazonso sizinaone chifukwa chosinthira njira.

Kwa zaka zambiri zinthu zinkachitika pakhonapo mwa apo ndi apo. Lero lole yagunda mbawala, mwezi wamawa minibasi yagwera m'ngalande pozemba mbawala, kenako wanjinga wasiya mano awiri paphula. Ku Ombanim'manja zimenezi sankazitcha ngozi. Ankazitcha kusasamala kwa anthu wamba. Malinga ndi mabuku a boma, ngozi yoyamba m'mbiri ya ufumuwo inachitika tsiku lomwe mbawala yamphongo inadumphira galimoto ya Mfumu Sindilakwa Wachinayi n'kuswa nyali imodzi. Mfumu sinavulale pena paliponse, kungoti nduwira yake inagwa atolankhani akuona. Dziko linalamulidwa kulira masiku atatu.

Tsiku lachinayi nduna zonse khumi ndi zisanu ndi zitatu zinakumana pamaso pa Mfumu kuti zikonze dongosolo lothetsera ngozi za mbawala. Mmawa wonse unathera pa funso loti mbawalayo inali ya unduna uti. Nduna ya Misewu inati nyama ndi nkhani ya Unduna wa Zakutchire. Nduna ya Zakutchire inati nyama imakhala yake ikakhala m'tchire basi, chiboda chikangoponda phula ndiye kuti yalowa m'manja mwa a Misewu. Dalaivala wa Mfumu ataitanidwa anachitira umboni kuti pomenya nyali ija mbawalayo inali m'malere, miyendo yonse inayi isanaponde pansi. Nkhani inasanduka ya Nduna ya Zamlengalenga, yomwe inali kunja kwa dziko kukaphunzira za mphepo. Apa onse anapumira m'mwamba napita kukadya.

Masana anaitana katswiri wa misewu, a Witinesi Mbendera, bambo wowonda yemwe anali ndi vuto limodzi: akafunsidwa funso ankaliyankha.

“Mwini dziko, nkhaniyi si yovuta,” anatero a Mbendera akutambasula pepala. “Timange mpanda mbali zonse za khona, nyama tizitsegulira njira yapansi pa msewu yopita kumtsinje. Udzu wa m'mphepete tiutchetche kuti oyendetsa aziona patali. Ndipo galimoto iliyonse ikafika pa Gwadani izichepetsa liwiro.”

“Iliyonse?” Mfumu inafunsa.

“Iliyonse, Mwini dziko.”

Nduna zina zinayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati zaziona koyamba.

“Ndiye kuti ine ndichepetse liwiro chifukwa cha nyama,” Mfumu inatero pang'onopang'ono. “Nanga pamenepo wolamula dziko ndani, ine kapena mbawala?”

Madzulo a tsiku lomwelo a Mbendera anakwezedwa pantchito. Anatumizidwa kuphiri la Iwalani kukakhala mkulu wowerenga mitambo.

Koma pamsonkhanopo, a Mbendera atangokhala pansi, anaimirira a Malaulo, Nduna ya Zosaoneka. Unduna wawo unali ndi nyumba yaitali kuposa maunduna onse, ndipo palibe munthu anaonapo ntchito yake, zomwe zinkatengedwa ngati umboni woti ukugwira bwino.

“Anzanga, tiyeni tiganize ngati anthu akuluakulu,” anayamba motero. “Mbawala ili ndi maso awiri ndi makutu awiri. Pamsewu uja pamadutsa magalimoto mazanamazana. Nanga bwanji inasiya onsewo n'kusankha ya Mwini dziko? Ija si nyama wamba. Ija inachita kutumidwa. Adani a mpando uno alephera masana, tsopano akutitumizira mfiti zovala zikopa. Mpanda ungatchinge mfiti? Chikwangwani mfiti ingawerenge? Koma pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale mwana amadziwa kuti mfiti imachiopa.”

Anapisa dzanja m'thumba la jekete natulutsa kachikwama ka mchere.

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Mmawa mwake wailesi inalengeza Lamulo la Mchere: tsiku lililonse m'bandakucha, msewu wonse uziwazidwa mchere kuyambira pachipata chachifumu mpaka pa Pirirani, ndipo pa Gwadani uziwazidwa kawiri. Wokayikira mankhwalawa adzatengedwa ngati mnzake wa mfiti.

Pamsika wa Pirirani nkhaniyi inafika limodzi ndi ina, yoti mchere wonse wa m'magolosale watengedwa ndi boma.

“Aa, zili bwino,” anatero Che Bwanausi, wogulitsa nsomba zouma, akuthamangitsa ntchentche ndi katoni. “Msewu authira mchere. Kwangotsala anyezi ndi tomato kuti tiyambe kudyera.”

“Musaseke, achimwene,” anayankha mayi wa tomato wa pabenchi loyandikana. “Ine dzulo ana adya masamba ozizira. Ndawauza kuti amene akufuna kukoma apite akanyambite khona la Gwadani.”

Mayiyo ankangocheza. Sankadziwa kuti m'nkhalango ya Msatero muli ena amene amva fungo, ndipo akuganiza chimodzimodzi.

Pafupi ndi khonalo, kuseri kwa mitengo ya masuku, panali nyumba ya Firida Nagama, mayi woweta mbuzi. Mwamuna wake, Dizimasi, ankayendetsa basi yoyamba ya m'mawa yochoka ku Ombanim'manja kupita ku Pirirani. Mkati mwa sabata ankagona kudepoti, ndipo akamadutsa pa Gwadani kunja kukungoyera ankaliza hutala kawiri, kuti mkazi wake adziwe kuti wadzuka bwino. Anali atachita zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Firida sanapite patali ndi sukulu, koma mbuzi ankazidziwa. Ankadziwa kuti mbuzi yothawa suithamangitsa, umangoika mchere pachikhatho n'kuima, imabwera yokha. Tsiku loyamba ataona lole ya boma ikuyenda pang'onopang'ono, anthu ovala maovolosi oyera akuwaza mchere ndi mafosholo, anagwira pakamwa.

“Mayo ine,” anatero. “Akuziitana.”

Sabata isanathe, mbawala zomwe kale zinkangodutsa mothamanga zinayamba kuima pakati pa msewu n'kumanyambita phula mosatekeseka. Sabata yachiwiri zinabwera ndi ana. Yachitatu kunafika zachilendo zochokera kutsidya kwa mapiri, agwape nawonso osafuna kutsalira. Woyendetsa akakhota pa Gwadani ankapeza msonkhano uli mkati. M'miyezi iwiri madalaivala atatu anaikidwa m'manda, mmodzi wa iwo Fulaye, amene anaphunzitsa Dizimasi kugwira chiwongolero.

Kunyumba yachifumu malipoti a ngozizi analandiridwa ndi chimwemwe chodekha.

“Mwaona?” a Malaulo anauza nduna zinzawo. “Mankhwala akalowa, chilonda chimayamba chawawa. Mfiti zapsa mtima chifukwa mchere ukuziwotcha. Tikabwerera m'mbuyo panopa ndiye kuti zapambana.”

Mchere wa pa Gwadani anauwonjezera kukhala katatu.

Loweruka lotsatira maliro a Fulaye, Dizimasi anafika kunyumba atamanga nsanza pachigongono. Anali atazemba mbawala ziwiri n'kukhula basi pamtengo. Firida anamusambitsa balalo, kenako mawu anamutuluka okha.

“Bambo a Tereza, isiyeni ntchitoyi. Mbuzi zilipo, munda ulipo. Sitifa ndi njala.”

“Ndiisiye ndinene kuti chiyani, Nagama? Kuti ndikuopa msewu womwe Mfumu yauteteza? Mnzathu wina anapempha kuti amusinthe njira, panopa akuyankha mlandu wogwirizana ndi mfiti.”

“Ndiye muzingodutsa mpaka tsiku lanu likwane?”

“Ndimayenda pang'onopang'ono.”

“A Fulaye ankathamanga?”

Firida anatuluka panja, nakaima pakhola la mbuzi kwa nthawi yaitali. Anali ndi mantha. Sankafuna kusintha dziko, sankafunanso kuphunzitsa nduna. Ankangofuna kuti bambo ameneyu, wa mkonono wake ndi nthabwala zake zobwerezabwereza, akalambe naye.

Pakati pa lole ya mchere ndi basi ya Dizimasi pankadutsa theka la ola. Lolemba m'mawa, lole itangokhota, Firida anatulukira ndi tsache ndi ndowa ziwiri. Anasesa khona lonse, kuchokera pamtengo wa mkuyu mpaka pakamlatho, natsuka ndi madzi pomwe mchere unamatirira. Mbawala zinabwera, zinanunkhiza, zinamuyang'ana ngati wazilanda mbale, kenako zinawoloka n'kupita. Hutala analira kawiri. Firida anachita zimenezi tsiku ndi tsiku, msana ukuwawa, ndipo mchere wosesawo ankapatsa mbuzi zake. Mbuzizo zinanenepa mpaka ubweya kuwala.

Kwa milungu itatu pa Gwadani sipanachitike ngozi. A Malaulo analengeza pawailesi kuti mchere wa katatu wagonjetsa mdani, ndipo anakonza zopita pakhonapo m'mamawa ndi atolankhani kuti akajambulitse ataima pamchere wopambanawo. Atafika anapeza phula loyera ngati mbale yotsuka, ndi mayi wina atawerama ndi tsache.

Mlandu unazengedwa pabwalo lalikulu la nyumba yachifumu, Mfumu ili pampando, nduna zili m'mbali. Umboni unali tsache, ndowa ziwiri ndi mbuzi imodzi yonenepa, yomwe inkayesetsa kufikira thumba la jekete la a Malaulo.

“Mayi, unkachotseranji chitetezo cha Mwini dziko pamsewu?” a Malaulo anafunsa akukankha mbuziyo ndi bondo.

Firida anagwada. “Mwini dziko, ine ndine woweta mbuzi chabe. Nyama zodya udzu zimakonda mchere. Mbuzi zimaukonda, ng'ombe zimaukonda, mbawala nazo chimodzimodzi. Mukawaza mchere pamsewu, zimabwera kudzanyambita. Ndinasesa kuti mwamuna wanga asafe. Onani mbuzi iyo, ikufuna chiyani m'thumba la bwana?”

Anthu ena kumbuyo anatsokomola chifuwa chomwe analibe.

“Mwamva nokha,” a Malaulo anatero atatambasula manja. “Mayi uyu akuti nduna khumi ndi zisanu ndi zitatu, pamodzi ndi Mwini dziko, sizidziwa chinthu chomwe mbuzi imadziwa.”

Nkhope ya Mfumu inachita mdima. A Malaulo anapempha kuti mayiyo akakhale kundende zaka zisanu, ndipo kuyambira mawa pa Gwadani pawazidwe mchere kanayi, asilikali akulondera kuti pasapezekenso wosesa.

Za ndende Firida sanazimve bwinobwino. Chomwe anamva ndi mawu oti mawa. Mawa m'bandakucha basi idzakhota pa Gwadani, iye kulibe. Anayang'ana nkhope za pabwalopo imodziimodzi, ndipo anazindikira kuti choonadi pano chafika pakhomo lomwe sichingalowe. Anagwetsa nkhope pansi, naomba m'manja mwaulemu.

“Pepani, Mwini dziko, ndalankhula zopusa chifukwa cha mantha. Zoona zake ndinkachita manyazi kuzinena pamaso pa anthu ophunzira. Ine mankhwala anu sindinawakayikire. Chinkandiwawa n'choti tikuthira mchere pamsewu, pomwe mfiti zafika kale. Kodi munthu amatseka chitseko mbala ili kale m'chipinda? Mfitizi zimachokera m'kati mwa nkhalango. Kuli dambo kumeneko, pakasupe, mtunda wa maola awiri kuchokera pamsewu. Mchere wa Mfumu ukanakathiridwa kumeneko, bwenzi zikupsa zisanaone n'komwe phula.”

Bwalo linadikira kuti lione kumene mphepo ilowere. Mfumu inakanda chibwano.

“Zimenezi,” inatero, “ndimaziganiza dzulo.”

“Ndizomwezo, Mwini dziko!” a Malaulo analumpha. “Ku unduna tinali titazilemba kale, timangodikira inki kuti iume.”

Firida anamasulidwa ndi chenjezo loti asamaganize zinthu Mfumu isanazilengeze. Mbuzi ija inatsala kunyumba yachifumu ngati umboni, ndipo sinaonekenso.

Lamulo la Mchere Lachiwiri linatuluka tsiku lomwelo. Anthu a maovolosi oyera anayamba kusenza matumba pamutu kupita kudambo la pakasupe, akutukwana chamumtima. Mbawala zinawatsatira. Kumeneko zinapeza mchere, madzi ndi msipu pamalo amodzi, ndipo sizinaonenso chifukwa chopitira kumsewu kukagundidwa. Ngozi zinatha ngati moto wothiridwa madzi. A Malaulo analandira mendulo yolemera mpaka ankayenda chopendekeka.

“Koma mayi uja ndi dolo,” anatero Che Bwanausi pamsika. “Wapatsa mwana mankhwala owawa atawakulunga m'nthochi.”

“Tsitsani mawu,” mayi wa tomato anamudzudzula. “Mwanayo ali ndi asilikali.”

Chaka chimenecho chinali chokoma kwa Firida. Ankagona tulo tofa nato. Dizimasi anayamba kamimba, ndipo Loweruka ankakhala pakhonde n'kumanena nthabwala zake zakale zomwezo, mkazi wake n'kumaseka ngati sanazimvepo. Anthu a m'midzi yapafupi ankamupatsa moni wogwira ndi manja awiri, osanena chifukwa chake. Iye ankaganiza kuti nkhani yatha. Anaiwala kuti bodza lomwe wabwereka mfumu silikhalanso lako, ndipo limabereka kumene lapitako.

Pa chikondwerero chokumbukira kuti patha chaka chigonjetsereni mfiti, Mfumu inalankhula kwa maola atatu. Chakumapeto, anthu atayamba kusinza choimirira, inafika pa mfundo yaikulu.

“Anthu anga, akatswiri a Unduna wa Zosaoneka afufuza malo onse a ufumu uno. Apeza kuti pa Gwadani pafa anthu ambiri, ndipo ndi malo a mbiri yoipa. Apezanso kuti padambo la pakasupe, pomwe timathira mchere, sipanachitikepo ngozi ya galimoto ngakhale imodzi chilengedwere dziko. Malo otetezeka chotere n'kumangowasiyira achule? Ayi. Ndalamula kuti msewu uchoke pa Gwadani, ukadutse pakati penipeni pa dambolo.”

Anthu anaomba m'manja, poti dzina la mzinda wawo, Ombanim'manja, limalamula zomwezo.

Ku Pirirani, Che Bwanausi anasiya kuthamangitsa ntchentche. “Zoona,” anatero. “Ngakhale pa denga la nyumba yanga sipanachitikepo ngozi ya basi. Musawauze, angabwere ndi phula.”

A Mbendera analemba kalata ya masamba asanu ndi limodzi kuchokera kuphiri la Iwalani, yochenjeza kuti msewu ukupita pomwe nyama zonse za m'nkhalango zimasonkhana. Anawayankha powathokoza, nawawonjezera udindo wowerenganso nkhungu. Firida anapita kawiri ku Unduna wa Zosaoneka, koma ulendo woyamba anamuuza kuti nduna ili pamsonkhano, wachiwiri anamuuza kuti nduna sioneka. Makatapila analowa m'nkhalango. Pa miyezi isanu msewu watsopano unatha, wakale anaukumba kuti wina asalakwitse n'kudutsa malo osatetezeka. Mchere unapitirira kuthiridwa pomwe unkathiridwa, kungoti tsopano pamalopo panali phula.

Kenako kunabwera makalata awiri okhala ndi chidindo chachifumu. Yoyamba inali ya Dizimasi. Popeza mwa madalaivala akale a basi ya m'mawa ndi iye yekha amene anatsala wamoyo, zomwe zinkasonyeza mphamvu ya mankhwala a Mfumu, anapatsidwa ulemu woyendetsa basi yoyamba pamsewu watsopano, ndi kupitiriza kutero tsiku lililonse mpaka atapuma pantchito. Yachiwiri inali ya Firida. Ankaitanidwa kuti adzawaze mchere woyamba pamwambo wotsegulira, monga mayi wamba amene anamvetsa msanga maganizo a Mfumu.

Mwambo unachitika dzuwa likungotuluka, poyambira dambo. Panali mahema, gulu la zitoliro, amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu, ndi riboni yofiira. Mfumu inafika pa helikopita. Chichitikireni ngozi ya nyali ija inali isanapondenso msewu uliwonse, koma zimenezi wailesi sinkazitchula. Basi inaima kuseri kwa riboni itakongoletsedwa ndi maluwa, Dizimasi ali pachiwongolero ndi tayi wobwereka. Kutsogolo, msewu watsopano unkalowa m'udzu wautali kuposa munthu, ndipo m'udzumo munkaoneka makutu. Anali ambiri moti ana a sukulu omwe anabwera kudzaimba anasiya kuwawerenga.

Anamupatsa Firida lichero la mchere namuimika pa maikolofoni kuti anene mawu awiri othokoza. Anayang'ana mwamuna wake kudzera pagalasi la basi, ndipo Dizimasi anamupukusira mutu pang'ono, kumupempha kuti asatero. Iye anatero basi.

“Mwini dziko, ndi inu nonse. Ine ndinanama. Kudambo kuno kulibe mfiti, ndipo sikunakhaleko mfiti. Ndinanena zija kuti mchere uchoke pamsewu, nyama ziutsatire. Zautsatira, ndi izo mukuziona m'udzumo. Tsopano mwatenga msewu mwaubweretsa pomwe zili. Anthu adzafa pano. Ndimangeni ngati mukufuna, koma basi iyi isadutse.”

Asilikali anayang'ana a Malaulo, a Malaulo anayang'ana Mfumu. Kumanga mayiyu kukanatanthauza kuti zomwe wanena zamveka. Ndiye a Malaulo anaseka, kuseka kwa munthu wodziwa ntchito yake, nalanda maikolofoni.

“Mwaona kudzichepetsa kwa amayi a dziko lino? Akukana ulemu wawo pamaso pa Mwini dziko! Akuti kulibe mfiti. Inde mayi, kulibe, chifukwa tinazigonjetsa!”

Mfumu inaomba m'manja kamodzi, ndipo dambo lonse linaomba. Nthungululu zinalira. Wina anamulanda Firida lichero lija nawaza mchere m'malo mwake, lumo linadula riboni, ndipo mkulu wa mwambo anakodola Dizimasi kuti anyamuke mwamphamvu, atolankhani ajambule fumbi.

Firida anaima pomwepo kamphindi, manja ali lende. Anali atayesa tsache, anayesa bodza, anayesa choonadi. Kenako anamanga chitenje chake mwamphamvu, anadutsa pakati pa asilikali, nakwera basi. Pampando wakutsogolo panali mkulu wina wa boma atanyamula maluwa.

“Bwana, tasunthani,” anatero. Mkuluyo anamuyang'ana kumaso, nasuntha.

“Nagama, tsika,” Dizimasi ananong'ona. “Tikafa tonse, Tereza atsala ndi yani?”

“Tereza ndi wamkulu, ali pabanja pake. Inu yang'anani phula. Kutchireko ndiyang'ana ine. Ndikati imani, muziima, ngakhale kumbuyo kukhale Mfumu.”

“Nanga mbuzi?”

“Lizani injini, bambo a Tereza.”

Basi inanyamuka mwaulesi, atolankhani n'kukhumudwa. Isanathe kilomita imodzi Firida anali atakuwa kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konse china chake chofiirira chinadumpha kutsogolo kwa galasi n'kulowa m'udzu wa tsidya lina. Anafika ku Pirirani mochedwa ndi maola awiri, onse amoyo.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, Firida akukwera basiyo m'mawa uliwonse. Mbuzi anazigulitsa, poti panalibe woziweta, ndipo nyumba ya pa Gwadani anaitseka n'kukachita lendi kachipinda kuseri kwa depoti. Mawu ake anasasa, maso ake amatuluka misozi akakhala padzuwa. Akazi a madalaivala ena anaona, nawonso anayamba kukwera, moti masiku ano ku Ndizomwezo mtsikana akafunsiridwa ndi dalaivala, azakhali ake amayamba amuyesa maso. Malole omwe alibe wokhala kutsogolo amagundabe, ndipo m'mphepete mwa dambo muli mitanda yomwe boma limati ndi zokongoletsa.

Lipoti la chaka chino la Unduna wa Zosaoneka likuti basi ya m'mawa yatha zaka zisanu ndi chimodzi osachita ngozi, umboni wosatsutsika woti mchere ukugwira ntchito, ndipo likupempha kuti uwonjezedwe. Dzina la Firida mulibemo. Dizimasi kwamutsalira miyezi khumi ndi inayi kuti apume pantchito, ndipo mkazi wake sadwala, sapita kumaliro, sagona m'basi.